Nyimbo za Mayi Zatsekeredwa

Wokondedwa mlongo wanga Elson,

Ndikhulupirira uli bwino ku Durban kumeneko pamodzi ndi alamu. Kuno ku Nkando tilipo, kungoti miyendo ya bambo yayambanso kutupa. Nambala yako sikupezeka, n'chifukwa chake ndapatsira kalatayi a Phillip amene akukwera basi Lachisanu.

Nkhani ndi ya nyimbo za malemu mayi. Ukukumbuka muja unawajambula akuimba za Chilomwe asanadwale, n'kuziika pa webusayiti ija? Ine ndinkangodina batani lolowera ndi akaunti yako imene unandisiyira mufoni, basi zatseguka. Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, bambo ankakhala pakhonde n'kumamvera akazi awo.

Mwezi wathawu batani lija linasowa. Ndinkayesa ndi netiweki, mpaka ndinakwera pachulu kuseri kwa tiyi wa esiteti, koma ayi ndithu. Ndinapita kwa Sharon, uja amasindikiza mapepala pamsika. Anandiuza kuti mawebusayiti ambiri akusiya zolowera paliponse ndi akaunti imodzi, iliyonse ikufuna pasiwedi yakeyake. Akuti uthenga wosinthira anautumiza ku imelo yako, ndipo amene sasintha chaka chino chisanathe, zinthu zake azifufuta.

Elson, nyimbozo sitinazisunge penanso ayi.

Nditawafotokozera bambo, anafunsa ngati ofesi ya anthuwa ili ku Boma kapena ku Blantyre, kuti apite okha akachonderere. Ndinawauza kuti kulibe ofesi yoti munthu n'kupitako. Kenaka anati, "Ndiye kuti mayi ako amwalira kawiri?"

Lamlungu lapitali bambo anayesa kuimba okha nyimbo ija mayi ankakonda pothyola tiyi. Atafika pakati, mawu anawathawa. Anandiyang'ana kuti ndiwathandize, koma iwe ukudziwa kuti Chilomwe changa n'cha moni basi. Anatenga ndodo yawo n'kupita kwa a Joice, amene ankagwira ntchito limodzi ndi mayi. Nawonso akuti akungokumbukira chuni, mawu anaiwala kalekale. Tsiku limenelo bambo sanadye.

Ine mtima sukukhala pansi. Ngakhale ndili pamsewu kugulitsa nanazi, foni ili m'manja, ndikungodinadina pamalo popanda batani. Makasitomala amachita kundigwedeza.

Sindikukupempha kuti ubwere. Tsegula imelo ija basi. Ngati unaiwala pasiwedi, funa anthu odziwa, kumeneko ndi ambiri. Usanene kuti mawa, ndimakudziwa iwe.

Bambo auza kale a Joice ndi anzawo onse a kuesiteti kuti adzabwere Lamlungu loyamba la mwezi wamawa adzamvere nyimbo za mayi, ati mwana wawo wa ku Joni sangalephere. Abwereka ndi mabenchi omwe kutchalitchi. Ine sindinawatsutse.

Upereke moni kwa alamu ndi ana. Mulungu akusunge kuchilendoko.

Ndine mlongo wako,
Eneles