Jestina Akuthira Yekha Mchere

Malindi, Mangochi
9 Juni, 1983

Okondedwa alamu anga a Rosemary,

Imirirani powerenga. Akulemba kalatayi ndi Abednego Simioni, wa Sitandade 4 yakale, mwini bwato limodzi ndi theka, khadi la chipani lili m'thumba.

Muli bwanji ku Zombako, inu ndi ana? Kuno tilipo, koma mng'ono wanu Jestina sali bwino, ndipo ine ndatsala pang'ono kupirikitsidwa pamudzi panu.

Zinayamba ndi mchere. Mukudziwa kuti mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo. Chichokere ana pakhomo, mwezi uliwonse ankandiitana ine, ndevu zangazi, kuti ndithire. Kuyambira Novembala sanandiitaneko. Ndinamuseka kuti pa zaka 47 tikulandira mzime wina. Anandigenda ndi chipande. Mimba sinaoneke.

Kenaka kutentha. Mwera ukuwomba, anthu tafunda, iye thukuta kamukamu, akudzikupiza ndi lichero. Lamulungu anatuluka m'tchalitchi ulaliki uli pakati. Akuti mtima umathamanga. Amalira, ukamufunsa akuti nayenso sakudziwa chomwe akulirira.

Mlongo wanu Willard wagamula kale. Akuti ndi tsempho, ndamudwalitsa ndine, ndinayenda ndi mkazi wina pamene ndinakagula ukonde ku Monkey Bay. Alamu, mano anga atsala anayi. Angandilole ndani? Koma Jestina wayamba kukhulupirira. Wasamutsira mphasa yake kuchipinda cha ana. Ankhoswe akumana pa 25. Zaka 29 ndili pa chikamwini, kwathu ndilibe ngakhale khasu.

Ndinapita naye kuchipatala. A dokotala anati si matenda, ndi kusiya kusamba. Akuti m'magazi a mkazi muli timadzi tina, mahomoni, timene timayendetsa mwezi. Tikayamba kuchepa thupi limasokonezeka. Ena zimawadutsa osamva kanthu, ena zimawazunza zaka. Akutinso kawirikawiri zimatsata mtundu: msinkhu umene mayi anasiyira, ana ake aakazi sapita nawo patali. Anati tifunse akulu ake. Willard atamva anati za m'mabuku sizilowa m'mbumba yake.

Apongozi anatisiya. Mwatsala ndinu.

Ndikudziwa si nkhani yoti mwamuna afunse. Koma ndikukumbuka pa maliro a apongozi chaka chija, mu Julayi kukuzizira, inu mukudzikupiza ndi duku. Ine ndinakunenani kuti ndi matama a kutauni. Pepani. Kodi zinali zomwezi? Munali ndi zaka zingati? Nanga amayi, anakuuzanipo?

Jestina wandituma kuti ndikupempheni mubwere asanakumane ankhoswe. Willard amakuopani inu nokha. Mukalephera lembani, koma mumulembere Willard yemweyo. Ine ndikanena amati ndi nthabwala, ndipo sindingawadandaule, ndinawazolowetsa ndekha.

Mupereke moni kwa a Gilford ndi ana onse. Mulungu akusungeni, akupatseninso malo pa basi.

Ndine mlamu wanu wosalakwa,
Abednego Simioni

Ndiwonjezere pang'ono. Zoti Jestina wandituma ndapeka. Sakudziwa kuti ndalemba, sakundilankhula sabata yachitatu ino. Mukafika muzinena kuti mwangobwera kudzagula usipa. Zina zonsezo ndi zoona, ngakhale za mano.