Chitenje cha a Sailesi

Malengachanzi,
Nkhotakota.

Wokondedwa mlongo wanga Maganizo,

Ndikhulupirira kuti uli bwino ku Joniko, pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Chifuwa chija chinakusiya? Kuno amayi aliko, kungoti mawondo akuwavutabe. Mpunga wa ku Bua wacha bwino chaka chino. Ine thupi lili gwa, koma mtima wapsa, ndipo wandiputa si wina ayi, ndi Mulungu amene.

Khala pansi kaye. Bambo aang'ono, a Sailesi, atembenuka mtima.

Inde, omwe aja. Omwe anabwera tisanamete n'komwe maliro a bambo, n'kukoka bwato, ukonde wa chilimira ndi nyali zonse zophera usipa, amvekere ana ndi akuchikazi, akadye kwa atsibweni awo. Iwe unasiyira sukulu panjira chifukwa cha iwowo. Ine ndinalumbira kuti ndidzaphunzira zamalamulo mpaka ndidzawaone akunjenjemera m'khothi. Anzanga ku yunivesite ankawerenga kuti adzalemere. Ine ndinkawerenga kuti ndidzamangitse munthu mmodzi basi.

Ndiye ndabwera kumudzi mlandu nditauphika bwinobwino, mboni nditazipeza, n'kupeza bwato lili pakhomo pa amayi! Lomatidwa phula, lopakidwa penti, dzina la bambo litalembedwanso kumutu. Chilimira chake chatsopano. Akuti ku Ngala kunali msonkhano wa chitsitsimutso. Akuluwo anapitako kukagulitsa nsomba, n'kubwerako akulira ngati khanda. Kutacha anadzagwada pabwalo pathu, anthu akuona, n'kupepesa.

Tandiuza, Maganizo, chilungamo chili pati? Munthu ndamunolera mpeni zaka zonsezi, Ambuye n'kungondilanda nyama pakamwa, osandifunsa n'komwe!

Ndinapita kukadandaula kwa abusa a mpingo wa amayi. Ndinawauza kuti mtima wa munthu ndi kathyali, ameneyu wangomva fungo la khothi. Iwo anaseka, amvekere ngati ndi bodza ndiye ndi bodza lodula, poti munthuyo wagulitsa njinga yake yamoto kuti agule ukonde umenewo. Anati Mulungu sasokerera chigamba pa mtima wakale, amauchotsa wonse n'kuikamo wina, choncho munthu amene ndikufuna kumangitsayo kulibenso. Ndinati m'malamulo mulibe zimenezo, wakuba samasulidwa chifukwa choti wasintha chiwalo. Anati n'chifukwa chake iwo sali loya.

Usaganize kuti sindinawayese a Sailesiwo. Ndinawapeza kugombe akusoka ukonde, ndipo ndinawatchula mbava pamaso pa asodzi anzawo. Kale akanandigenda ndi nkhafi. Koma anangovula chipewa, n'kunditchula mwana wawo, akuti ndanena zoona ndipo ngati zilipo zina ndionjezere, zonse n'zawo. Ndinabwerako nditazyolika ngati wakubayo ndine. Pa nkhanza zonse zimene anatichita, iyi ndiye yaposa.

Tsono nkhani yeniyeni nayi. Kumapeto kwa mwezi uno akubatizidwa m'nyanja. Mwambo wa mpingowu ukuukumbukira: munthu akamavuuka, wachibale amalowa m'madzi n'kumufunditsa chitenje, kusonyeza kuti kwawo amulandira. Wopanda womufunditsa amatuluka yekha mano akugubuduka, ndipo aliyense amadziwa kuti abale ake sanamukhululukire. A Sailesi alibe wina. Akazi awo anatisiya, ana awo anawathawa kalekale.

Amayi akuti alowa okha. Ndi mawondo amenewo, ndi mwera uno! Nditawaletsa, anandiyankha osakweza ndi mawu omwe, akuti palibe vuto, ndilowe ineyo. Akuti pakati pa iwo ndi ine, wina anyowa basi.

Waona msamphawo? Ndikakana, mayi athu akagwa m'mafunde. Ndikavomera, mlandu wanga wamira, chifukwa sungafunditse munthu Lamulungu n'kukamusumira Lolemba.

Ndinayesako kupempha kuti ubatizowo ukachitikire kumathero kwa Bua, poti madzi ake ndi odekha. Abusa anandiyankha kuti ng'ona za kumeneko sanazilembe pa ntchito ya Ambuye.

Choncho ndilowa. Chitenje ndagula kale, chouma ngati chiguduli, ndipo sindichichapa. Chiwakande.

Koma chimene chandilembetsa kalatayi ndi china. M'mawa uliwonse ndimawatukwana a Sailesi chamumtima ndikamasukusula, ndi chizolowezi changa kuyambira ndili mtsikana. Dzulo ndinayesa, mawu anakana kubwera. M'malo mwake ndinayamba kuganiza zoti munthu wamkulu ngati uja madzi ozizira angamudwalitse chibayo. Ine, Zelifa, kudera nkhawa chifuwa cha a Sailesi! Ndikuona ngati Amene anathyola mtima wa bambo aang'ono wayamba kuzungulirazungulira pakhomo panga, ndipo maphunziro anga onse sakundiuza kokamusumira.

Ndiye ndakugwira mwendo, mlongo wanga. Iwe uli kutali, mwina kumeneko safikako msanga. Usakhululuke. Kumbukira sukulu yako, kumbukira chaka chimene tinkagonera mango owiritsa. Undisungire mkwiyowu monga amayi amasungira mbewu ya mpunga, pouma, posafika mbewa. M'banja muno mutsaleko munthu mmodzi wokwiya, kuti wanga ukandithera m'madzimo ndidzakhale ndi kokapempha.

Kalatayi ndapatsira Abdul, woyendetsa basi uja. Ukailandira undiimbire. Koma ngati nawenso uyambe zoti tiwasiye, ndi bambo athu omwe, usaononge mayunitsi ako.

Undiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Amayi akuti uzivala zofunda. Ambuye akusunge ndi kukudalitsa pa ntchito yako, koma mtima wakowo ayambe ausiya kaye momwe uliri.

Ndine mlongo wako,
Zelifa