Ndinali Kunja kwa Chikuta

Namwera, Mangochi
9 Ogasiti 1989

Okondedwa achemwali a Agatha,

Landirani moni wochokera kuno kumapiri. Kaya muli bwanji ku Ntcheuko pamodzi ndi alamu? Nanga mwendo wa amayi uja unaphwa? Ine thupi lili bwino, mtima wokha ndiwo sukundipatsa mpata.

Zakuno n'zomwe zija. Anthu akuwolokabe malire tsiku ndi tsiku, ena ndi kamtolo, ena ndi mwana yekha kumbuyo. M'kalasi mwanga tsopano muli ana 130, ambiri sadziwa Chichewa, ndipo Chiyao changa amachiseka ndi a Sitandade 1 omwe. Paja munkandinena kuti ndikapita ku Mangochi ndizidzabwera ndikununkha usipa. Dziwani kuti nyanja kuno sitiiona n'komwe, chilipo ndi fodya ndi mphepo yolowa m'mafupa. Nyemba ndapsereza katatu sabata ino.

Kalata yanga ya mu Juni inali yaifupi. Ndinangolemba kuti mwana watisiya ndipo mlamu wanu Letisiya ali m'manja mwa apolisi. Simunayankhe, ndipo sindikukuimbani mlandu. Lero ndikufuna mumve zonse.

Letisiya atachira kuchipatala tinabwera kunyumba ndi mwana wamkazi. Mukudziwa kuti amayi anakana kubwera, amvekere sangayende mtunda wonsewu chifukwa cha mkazi wothawa nkhondo amene kwawo sakukudziwa. Anangonditumizira mawu oti ndisunge mwambo, ndisalowe m'chikuta, ndisamugwire mwana mpaka mchombo utagwa, ndingamusemphe. Ndinamvera. Ndinapinda mphasa n'kumakagona m'kachipinda kosungira mabuku kusukulu.

Chimene sindinaganize n'chakuti kwathu m'chikuta mumadzaza amayi ndi azakhali. Letisiya analibe wina aliyense. Mayi ake anatsalira ku Mozambiki, ngati ali moyo sitikudziwa. Ankamuthandiza ndi a Amida okha, aneba athu, amene ankabweretsa phala ndi madzi otentha kawiri pa tsiku, n'kuthamangira kukasankha fodya wawo.

Ine ndinkaima pakhomo m'mawa uliwonse n'kufunsa ngati adzuka bwino. Tsiku lachitatu Letisiya anandiyankha kuti tulo sakutiona. Tsiku lachinayi anandifunsa ngati ndaona asilikali kuseri kwa sukulu, ndipo ndinaseka, achemwali, ndinaseka ndithu. Tsiku lachisanu anandipempha kuti ndilowe, ndingokhala naye pang'ono. Ndinamuuza kuti apirire, mchombo watsala pang'ono kugwa.

Mawa lake, cha m'ma teni koloko m'mawa, mfuti zinamveka chakumalire monga zimachitira nthawi zina. Ife tinazolowera, ine sindinasiye n'choko chomwe. A Amida atapita ndi phala anamupeza Letisiya pansi pa bedi, atakanikiza mwana pachifuwa, chitenje chili kukamwa kwa mwanayo. Akuti anawakodola kuti nawonso agone pansi, n'kuwanong'oneza kuti asaope, mwanayu ndi womvera, sanalire, asilikali adutsa. Kuthengo kuja pothawa, azimayi ankatero kuti kulira kwa khanda kusaphetse gulu lonse. Letisiya anandiuzapo kamodzi tisanakwatirane.

Mwana anapita wopanda dzina. Apolisi atatha zawo, anakamuika ndi azimayi okhaokha monga mwa mwambo. Sindinamunyamulepo, ndipo pamene anagona sindipadziwa.

Tsopano Letisiya ali pa rimandi kuboma. Loweruka lililonse ndimatsika phiri pa matola kukamuona. Masabata oyamba ankandifunsa ngati mwana wayamwa. Mankhwala a dokotala atayamba kugwira anasiya kufunsa, ndipo apa ndiye pondiwawa kwambiri, chifukwa tsopano akudziwa. Amangoyang'ana manja ake. Kusukulu aphunzitsi anzanga amadula nkhani ndikalowa. Ena akuti ndi mfiti, ena akuti anthu ochokera kunkhondo mitima yawo inauma kale. A Amida okha ndiwo amandifunsabe ngati ndadya. Ndasungulumwa, achemwali, kuposa mmene ndingalembere.

Che Dinala, mkulu wina amene anapuma pa ntchito ya ukalaliki kukhoti, wandifotokozera mmene zikhalire. Mlandu ukazengedwa pa 12 Seputembala kubwalo lalikulu la mafumu, kumene loya salowa. Akakapeza kuti anapha mwadala, chilango chake ndi chingwe. Koma akuti lamulo limasiyanitsa mayi amene mutu wake unasokonekera chifukwa cha uchembere. Woteroyo samupachika, mwina amamutumiza kuchipatala, mwinanso amamupereka kwa abale. Kalata ya dokotala ilipo, koma che Dinala akuti ndisadalire pepala lokha. Oweruzawo amakhulupirira zimene amva ndi makutu awo, ndipo adzafunsa kuti ndi mayi uti wapabanja amene akamusamale.

Apa ndiye pali pempho langa, ndipo ndi limodzi lokha. Ndatha masiku anayi ndikulemba n'kung'amba.

Ndikukumbukira chaka chija munabereka mwana wanu woyamba, Macloud. Ndinali pa holide ya Fomu 1. Ndinaona azakhali aakulu akukuthamangirani panjira ya kudambo, inu muli ndi khanda m'manja, mukunena kuti si lanu, mukukalibweza kumadzi. Anakulandani khandalo, ndipo kwa miyezi itatu simunakhale nokha ngakhale ola limodzi, azimayi anayi ankachita kulandizana pokhala nanu. Amayi anandilumbiritsa kuti ndisadzanene kwa munthu. Ndinaikwirira nkhaniyo mpaka ine mwini kuiwala. Ndikanaikumbukira tsiku limene Letisiya ankafunsa za asilikali, bwenzi nditakankha chitseko chija.

Bwerani mudzawauze oweruza zimene zinakuchitikirani, kuti ndi matenda ndipo munthu amachira. Mudzawauzenso kuti akamumasula mukamusunga ndinu. Ndikudziwa kulemera kwa chimene ndikupempha. Macloud sakudziwa, kuchimuna kwanu sakudziwa, ndipo nkhani yanenedwa pabwalo sithera pabwalo. Mukakana sindidzakudani, mudzakhalabe achemwali anga. Koma Macloud lero akukonzekera mayeso a Sitandade 8 chifukwa pakhomo panu panali azimayi anayi. Pakhomo pa Letisiya panali ine ndekha, ndipo ndinali panja, kusunga mwambo.

Mundiperekere moni kwa amayi. Kalatayi muwawerengere ngati mukuona kuti angathe kuimva. Moni kwa alamu, kwa amalume, kwa azakhali onse awiri, ndi kwa Macloud ndi azing'ono ake. Muwauze azakhali aakulu kuti liwiro lawo la tsiku lija sindidzaliiwalanso.

Musavutike n'kuyankha, makalata akuchedwa masiku ano. Pa 10 Seputembala ndidzakhala pa depoti ya Mangochi kuyambira m'mawa, ndipo ndidzadikira mpaka basi yomaliza itatsitsa munthu womaliza.

Tsalani bwino.

Ndine mlongo wanu,
Sunganani