Abel ndi Apongozi Ake Pachipata

Fort Jameson,
17 Ogasiti 1958.

Okondedwa alongo anga, amake Abel,

Ndikhulupirira muli bwino ku Kitwe kumeneko pamodzi ndi alamu. Ife kuno tili moyo, koma ine mtima wanga ukuwawa kwambiri.

Mukudziwa kuti pa kampani yogula mtedza ija ndine kapitawo wa alonda. Nyengo yogula ikafika timalemba alonda atsopano, ndipo kale wosankha ndinali ine. Wa pachipata ndinkafuna wamaso koma wofatsa pakamwa. Wa usiku, wosamwa ndi wosaodzera. Woperekeza malole ku Lusaka ndinkangofuna munthu wopirira fumbi ndi njala. Ndinkafunsanso kwawo kwa munthu ndi kumene anakwatira, pakuti mlonda sumuika pamalo pamene azikumana ndi anthu amene amawachitira manyazi. Koma Chitaganya chino chatibweretsera bwana wamng'ono wa ku Salisbury, amene amasankha anthu monga ng'ombe pamsika. Akaona kutalika, chifuwa ndi mano, basi wamaliza.

Mwana wanu Abel anabwera pamzere Lolemba lapitali. Ine mumtima ndinali nditamuika kale ku malole, chifukwa apongozi ake, mai Yosefina a ku Madzimoyo, amasankha mtedza m'shedi mwathu momwemo, ndipo akaweruka amatulukira pachipata pamene aliyense amasechedwa. Bwana atangoona msinkhu wa mnyamatayo n'kumva Chizungu chake cha ku mishoni, anati uyu ndi wa pachipata. Ndinamufotokozera mwaulemu kuti sizingatheke. Ndinati kwathu mkamwini akaona apongozi ake akubwera amapatuka panjira n'kunjuta, sawayang'ana kumaso, nanji kuwakhudza. Iye anaseka. Anati nkhani imeneyo wakondwa nayo, timuyesere pomwepo, chifukwa mlonda woopa munthu wina aliyense si mlonda.

Alongo, nzeru yoipayo anaitola pakamwa panga. Ndikanakhala chete mwina sakanadziwa n'komwe kuti m'shedimo muli apongozi a munthu.

Nthawi yoweruka itakwana azimayi anandanda ndi madengu awo. Bwana anandituma kuti ndiitane mai Yosefina abwere kutsogolo, ndipo ndinawaitana. Analamula Abel kuti ayang'ane m'dengu, kenaka amasule mfundo ya nsalu yawo ya m'chiuno, poti ena amabisamo mtedza. Abel ananjuta pomwepo, nkhope pansi, manja kumbuyo. Bwana anati akapanda kuimirira azipita, ndipo kapitawo wobweretsa abale amantha azipita naye limodzi. Mnyamatayo anandiyang'ana ine malume wake. Tonse tinkadziwa kuti akalephera pano chotsala ndi kulembetsa ku Wenela, kupita ku migodi ya ku Joni, n'kusiya mkazi wake Dailes ali woyembekezera.

Amene analankhula ndi mai Yosefina. Anatembenuzira nkhope kumpanda, n'kunena motsitsa mawu: "Imirirani, atate. Chitani zimene akufuna mzunguyo. Ine ndatseka maso."

Abel anaimirira. Zala zake zinkalephera mfundoyo, ndipo zinatenga nthawi yaitali pamaso pa anthu onse. M'mfundomo munapezeka kafodya ka mphuno chabe. Azimayi pamzere anaphimba nkhope ndi nsalu, ena ankalira. Bwana anamusisita Abel paphewa, n'kumupatsa jekete la kampani ndi wezulo, nati alonda otere ndi amene akusowa m'dziko muno. Ndakhala pa ntchito ya azungu kuyambira nthawi ya nkhondo, ndatukwanidwa, ndakankhidwa, koma sindinadanepo ndi munthu monga ndinadanira ndi bwana wamng'ono ameneyu tsiku limenelo. Kodi amayi ake a mkazi wake angawamasule nsalu pagulu kuti aoneke wolimba mtima?

Mbiri inafika ku Madzimoyo mai Yosefina asanafike. Amalume ake a Dailes, a Gabrieli, anatulutsa mphasa ndi khasu la Abel n'kuziika panja. Anati munthu amene wamasula nsalu ya mayi sangalowenso m'nyumba ya mwana. Mai Yosefina anayesa kumuikira kumbuyo, kuti anamuloleza ndi iwo, koma anauzidwa kuti manyaziwo ndi a mudzi wonse, si awo okha. A Gabrieli sindiwada ayi. Akanakhala mlongo wanga wachitidwa zotere, inenso ndikanatulutsa mphasa.

Tsopano Abel akugona kwanga ku komboni. Ndapita kwa bwana kukapempha kuti ndimusinthire ku malole, wakana. Akuti ameneyu ndiye mlonda wake weniweni, ndipo chaka chamawa aliyense wofuna ntchito ya pachipata ndizidzayamba ndamufunsa ngati ali ndi mbale m'shedi, kuti aziyesedwa momwemo. Mafunso amene ndinkafunsa poteteza anthu akufuna akhale msampha.

Chonde, alongo, pemphani alamu akuloleni mubwere mwezi uno usanathe. Ndinapita ndekha ku Madzimoyo ndi nkhuku, anandilandira bwino koma anati akufuna aone amake. Dailes masiku ake ayandikira, ndipo mwanayo akabadwa nkhani ili chomwechi, kubweza ukwatiwu kudzavuta.

Mai Yosefina ntchito sanasiye, alibe kwina kopita. Madzulo aliwonse akamayandikira chipata amamasula okha mfundo ija akadali patali, n'kudutsa atatambasula nsalu, nkhope kumbali, kuti mkamwini wawo asavutike. Ine ndikaona zimenezo ndimalowa m'kanyumba ka alonda.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Mkazi wanga, amake Edita, akupereka moni wambiri. Mai Yosefina nawonso anati ndikupatseni moni, ndikuuzeninso kuti mwana wanu munamulera bwino. Abel ali pano pakhonde. Ndamufunsa choti ndilembe m'dzina lake. Wapitiriza kupukuta nsapato za kampani, kenaka wati ndingokuuzani kuti ntchito anaipeza.

Ine mlongo wanu,
Boaz.