Bambo amazimitsa nyali ya galimoto tisanafike kwa mekaniku

Aphungu,

Ndine mtsikana wa zaka makumi awiri, wa ku Ngauma. Sukulu ndinalekezera kalasi yachisanu ndi chimodzi, choncho mundikhululukire ngati pena sindinalembe bwino. Kalatayi ndailemba katatu.

Bambo anga, a Lazaro, ali ndi galimoto yapetulo imene anagula atagulitsa fodya zaka zinayi zapitazo. M'mudzi mwathu ndi yokhayo. Imanyamula anthu ndi matumba kupita ku Mandimba, ndipo wina akadwala amagogoda kwathu. Bambo ndi munthu wa manja. Sanaphunzire umekaniku, koma akatchera khutu amadziwa nati imene yamasuka. Tsiku lina lamba wa injini anaduka pakati pa msewu, iwo anamanga ndi chingwe cha mbuzi mpaka tinafika. Ndimawanyadira kwambiri. Ndi iwonso amene anandiphunzitsa kuona mafuta ndi madzi m'mawa uliwonse injini isanalire, ndipo ntchito imeneyi ndi yanga.

Vuto linayamba mu Meyi, kuzizira kutayamba. Akailiza m'mawa, galimoto imanjenjemera ngati munthu wamalungo, ndipo kanyali kachikasu kokhala ndi chithunzi cha injini kamayaka. Masiku ena kamaphethira. Pakapita mphindi zitatu kapena zinayi kunjenjemera kumatha, koma nyali imatsala. Anthu okwera akaiona amayamba kufunsa. Mayi wina anati, "A Lazaro, kodi kadiso aka kakutiuza kuti tikafika?" Ndiye bambo anapeza njira. Amachotsa waya wa bateriya, amadikira pang'ono, n'kubwezera. Nyali imazima. Iwo amati, "Waona? Galimoto ili ngati mwana, ukaitsina khutu imasiya kulira."

Mwezi watha tinapita ku Cuamba kwa mayi Lurdinha, amene ali ndi ofisina yokonzera magalimoto pafupi ndi njanji. Tisananyamuke, bambo anachotsanso waya uja, nyali n'kuzima. Aphungu, sindinaonepo mkazi wotero. Amalowa pansi pa galimoto atamanga duku, ndipo amuna amaima n'kumadikira mawu awo. Analumikiza kamakina kawo pansi pa chiwongolero, anayang'ana, n'kunena kuti, "Bambo, galimoto yanu yakana kuulula. Mulibe kanthu muno." Bambo anaseka n'kuti, "Ndinaichiza kale ine." Kenako mayiwo anatembenukira kwa ine. "Nanga iwe mana, wangoti zii, umaona chiyani m'mawa?" Ndinayang'ana pansi. Sindinanene za waya uja, pakuti zikanakhala ngati ndikuwaneneza bambo pamaso pa anthu.

Koma ndili ndi kope limene ndimalembamo. Kuyambira pa 12 Meyi galimoto yanjenjemera m'mawa maulendo 23, onse masiku ozizira kapena ikagona masiku awiri osayenda. Madzi oziziritsa injini a mu radiyadori kale sankachepa. Tsopano ndimathiramo kapu imodzi ya tiyi masiku atatu alionse, koma pansi pamene imagona sipanyowa. Ndinayalapo katoni kuti nditsimikize. Utsi wa m'mawa ndi woyera ndipo umachedwa kutha. Kopeli bambo sanalionepo.

Chimene chikundisowetsa mtendere ndi ichi. Mkulu wanga Mariamu ndi woyembekezera, ndipo masiku ake ndi kumapeto kwa Julayi. Anamwino anati mwana woyamba anavuta, choncho uyu akabadwire kuchipatala ku Mandimba. Tonse tikudalira galimoto imeneyi. Ndikuopa kuti tsiku limenelo idzakana. Kodi nyali ikazima ndiye kuti matenda atha? Nanga ndingawauze bwanji bambo osawachititsa manyazi?

T.L., Ngauma

Mwana wanga T.L.,

Ndinagwira sipanala zaka zambiri ndisanayambe kuyankha makalata, ndipo amene anandibweretserapo galimoto pamodzi ndi kope lotere sakwana asanu. Katoni ija yandigometsa. Iwe wagwira kale theka la ntchito ya mekaniku.

Funso lako loyamba yankho lake ndi ayi. Nyali ikazima chifukwa chochotsa waya, matenda amakhala alipobe. Injini ikaphonya, kakompyuta ka m'galimoto kamasunga nambala yonena pamene pavuta. Bambo ako akachotsa waya, pa galimoto zambiri nambalayo imafufutika. Ndiye munafika ku Cuamba injini itatentha, nambala itafufutidwa. Mayi Lurdinha akanaona chiyani? Anakufunsa iwe chifukwa anadziwa kuti mboni ilipo.

Kunjenjemerako kumatanthauza kuti chipinda chimodzi cha injini sichikuyatsa petulo bwino. Nthawi zambiri wolakwa amakhala vela, kaja kothetheka moto, kapena bobina imene imakapatsa mphamvu, makamaka kukakhala chinyontho. Zimenezo sizivuta kukonza. Koma madzi ako aja andikhalitsa tsonga. Madzi osowa osadontha pansi, utsi woyera wochedwa kutha, ndi kunjenjemera kumene kumakula galimoto ikagona nthawi yaitali, zonsezi zikhoza kutanthauza kuti madzi akulowa m'chipinda cha injini podzera pa junta, chija chotseka mpata wa kumutu kwa injini. Sindikugamula, chifukwa galimotoyo sindinaione. Koma iyesedwe msanga.

Chitani izi sabata ino. Nyali ikayaka, waya asakhudzidwe. Galimoto ipite ku ofisina, ikagone komweko, kuti mayi Lurdinha akailize okha m'mawa ili yozizira. Makina akaonetsa nambala ngati P0302, nambala yomalizayo ikunena chipinda chachiwiri. Ulembe m'kope mwako. Mayiwo akhoza kusinthanitsa bobina ya chipindacho ndi ya china. Vuto likasamuka, ndi bobina. Likakhala pomwepo, aone vela, ayesenso ngati madzi akuthawira m'kati. Uwauze za kapu ya tiyi ija asanagwire chilichonse.

Za Mariamu zisadikire galimoto. Afunse anamwino ngati angakadikirire pafupi ndi chipatala masiku ake asanakwane, kunyumba yodikirira kapena kwa achibale ku Mandimba. Ngakhale galimoto yatsopano imaphwa tayala.

Tsopano za bambo ako. Sanachite zimenezi mwachinyengo. Amafuna kuti okwera asaope, ndipo nzeru yawo yagwira ntchito pa zinthu zambiri, kungoti apa yaphonya. Unachita bwino kusawatsutsa pagulu, koma kukhala chete kunyumba si ulemu ayi. Usayambe ndi nkhani ya waya. Sankha m'mawa muli awiri pa galimoto, utenge kope, unene kuti, "Bambo, munandiuza kuti ndiziona madzi. Onani zimene ndapeza." Munthu amene amamva nati yomasuka ndi khutu sadzalephera kumva kapu zimenezo. Akafunsa chifukwa chimene makina sanaone kanthu, pamenepo uwauze za waya, kapena uwawerengere yankho lino, mlandu ukhale wanga.

Chenjezo langa ndi ili. Usatsegule radiyadori injini ili yotentha. Nyali ikamaphethira osasiya, kapena muvi wa kutentha ukakwera, bambo aime pomwepo, asakakamize ndi katundu. Ndipo mukabwerera ku Cuamba, mayi Lurdinha akadzafunsanso kuti umaona chiyani m'mawa, usadzayang'ane pansi. Udzawapatse kope.

Aphungu