Phewa Langa ndi Dzina la Mdzukulu Wanu

Amayi, kodi mwadzuka bwanji kumeneko? Ife kuno ku Mlare tilipo. Mpunga wachita bwino chaka chino, ng'ombe ya apongozi yaswa, ndipo ine ndachira, mwana wamkazi.

Mtima usakugundeni, masiku oopsa aja adutsa. Sindinaiwale makanda anu atatu amene kafumbata anawaumitsa nsagwada sabata isanathe, ndi mawu anu aja akuti, "Khanda ndi mlendo, usafulumire kulitcha dzina." Wangayu watha miyezi inayi, ndipo pa bere sachita manyazi.

Lazunzika ndi phewa. Ndili woyembekezera anatiuza ku sikelo za katemera woteteza khanda ku kafumbata, wobaya kawiri. Jakisoni woyamba analowa pamwamba kwambiri, pamfundo penipeni pa phewa lakumanzere. Kutacha, mkono unakana kukwera. Mtsuko sindinkatha kudzisenza, duku ankandimanga ndi mlamu wanga. Ku gule wa chipani amayi apampando anandiyang'ana ndi diso lofiira, poti anzanga akukweza manja onse, ine umodzi basi. Apongozi aamuna, amene mwa mwambo wa kuno sitionana maso, ankanditulira madzi pakhomo ndi ngolo n'kuchoka osatsokomola n'komwe.

Tsiku la jakisoni wachiwiri apongozi aakazi anandiletsa, ati ndipuwala manja onse. Mantha ndinali nawo, sindikubisirani. Koma ndinakumbukira timitumbira titatu tija, ndinamanga chitenje, n'kukapereka mkono wakumanja. Umenewo sunavute. Anamwino anati mtsempha wa phewa linalo unatupa, ndipo anandiphunzitsa kukweza zala pakhoma m'mawa uliwonse. Pamene ndalekezera ndimalembapo ndi khala. Mzere wa lero wapitirira zenera.

Chimandiwawa n'chakuti mwana wanga sindinamuberekepo ndekha. Mkono sufika kumbuyo, mbereko amandimangira ena ngati ndine kamtsikana. Komabe ndikunyada, amayi, ndikunyada kwambiri. Munkati ndine wamantha, wothawa ndi singano yosokera yomwe. Mukanandiona pa mzere wa jakisoni paja!

Pa mawu anu aja ndakulakwirani. Sindinadikire. Mchombo usanagwe n'komwe ndinamutcha Esinati, dzina lanu, ndipo ndimaliitana mokweza, anthu onse akumva.

Zala zikadzakhudza denga ndidzamumanga ndekha kumbuyo, ndikwere basi mpaka kwathu ku Dowa, ndidzaime pamene mwagonapo kuti mumuone. Uyu si mlendo, amayi, wabwera kudzakhala.

Ndimakukondani,
mwana wanu Feliya