Ndinadzitama ndi munda wa mdzukulu ndisanauone

Agogo,

Ndine nkhalamba inzanu. Ndinagwira pa mgodi zaka 26, sukulu ndinalekeza Sitandade 3, ndiye mawu okongola musayembekezere. Ndikulemba ndikuseka, koma zinthu zavuta.

Ndimakhala ndi mdzukulu wanga Febian, wa zaka 19. Analephera Fomu 3, n'kukhala chaka chonse pakhonde kumangopesa tsitsi. Mvula itayamba akuti, "Agogo, ndapeza ntchito ya kumunda ku Mulungushi, tilipo anyamata asanu." Ine kuvina. Lamlungu lililonse mwana amabwera ndi sopo, shuga, ngakhale saladi, mafuta ophikira aja, zinthu zoti anzathu amaimira pamzere kuyambira m'mawa n'kubwerako chimanjamanja. Anandigulira ndi chipewa chomwe.

Polakwa ndi pakamwa pangapa. Pa msonkhano wa Chipani, a Kingstone, a tcheyamani a sekishoni yathu, ankakalipira achinyamata kuti abwerere kumunda monga boma likunenera. Ine dzuu, chipewa m'manja: "Wanga anabwerera kalekale!" Anthu kuwomba m'manja. Kukoma kwa m'manjamo ndinawonjezera kuti mbewu zake zimandipitirira kutalika, chikhalirecho sindinapondeko. Manje a tcheyamani apeza lole. Loweruka lomaliza la mwezi uno atenga amayi a Chipani ndi ng'oma zawo, ndi achinyamata a m'Bwacha, akaone chitsanzo. Aitananso mlamu wawo wapolisi kuti akalankhule za kuipa kwa ulova.

Dzulo ndinapalasa njinga kukaona ndekha. Chimanga chilipo, mizere inayi kuzungulira ngati mpanda. M'kati monse chamba, Agogo. Chobiriwira, chopalira bwino, udzu ngakhale umodzi. Kutalika kundipitiriradi, pamenepo sindinaname. Ndinakhala pansi n'kuseka mpaka chifuwa cha kumgodi chinadzuka. Febian akuti, "Si changa agogo, n'cha bwana wina wa ku Lusaka, ife timangopalira ndi kukolola." Ndati dzina lake ndani? Akuti amangomutcha Bwana.

Mwanayu ndi yekhayo anandisiyira malemu mwana wanga Selina. Ndichite chiyani lole isananyamuke?

P.M., Bwacha, Kabwe

A P.M.,

Inenso ndaseka mpaka magalasi kugwera mu tiyi. Kulima mdzukulu wanu amadziwa, pamenepo tisamumane. Mayina m'kalata yanu ndawasintha, chifukwa a tcheyamani nawonso amawerenga nyuzi. Tsopano pukutani misozi, ntchito ilipo.

Mwanayo achokeko mawa lomwe. Musatume munthu. Pitani nokha, mubwere naye pa keliyala ya njinga yanuyo. Bwana wopanda dzinayo, tsiku lofika apolisi sadzaoneka, adzagwidwa ndi amene ali ndi khasu m'manja. Anyamata anayi enawo nawonso ali ndi makolo, auzeni abwerere kwawo. Musazule kanthu, mwini munda ali ndi anthu ake. Kutentha ndiye musayerekeze, mungaledzeretse ng'ombe za Mulungushi yonse.

Mukatero pitani kwa a Kingstone kunyumba kwawo, muli awiri. Auzeni zoona: munadzitama ndi munda umene simunauone, mundawo si wa Febian, iye anali waganyu chabe ndipo wasiyako, choncho lole isapiteko. Musapeke zoti mlatho wagwa kapena anyani adya mbewu. Anthu akapeza lole yaulere amapita ndithu, ngakhale kukaona mlatho wakugwawo.

Febian musamubwezere pakhonde. Kuseri kwa nyumba kulibe malo? Adzale repu ndi tomato, azikagulitsa pamsika. Manja otere ngosasiya chabe.

Chenjezo langa nali. A Kingstone adzakunenani pa msonkhano, ndipo Bwacha yonse idzakusekani mpaka Khirisimasi. Mudzafuna kuimirira kuti mudziyeretse, ndakudziwani kale. Mukangotulutsa liwu limodzi la chamba pagulu, Febian akagona m'selo. Khalani pansi, bambo, aseke mpaka atope.

Agogo